Telesikopu ndalandira koma zithunzi zikungotuluka mbee, ndiyambire pati?

Bambo_a_Tadala (Area 25, Lilongwe)

Akuluakulu muli bwanji nonse. Ine ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo masiku ano. Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandibweretsera telesikopu pa Isitala, ija yaing'ono ya miyendo itatu, pathupi pake panalembedwa 70mm ndi 700mm. Mukatoni munali ma eyepiece awiri (timagalasi toikapo diso poyang'ana), ka 20mm ndi ka 4mm, komanso kachubu kena kolembedwa 3x Barlow. Tsiku loyamba ndinaiimika pakhomo nkuloza ku mwezi ndi ka 20mm kaja, abale inu, maenje aja ndinawaona ndi maso angawa, mpaka ana a maneba anabwera kupanga mzere ndipo mwana wanga wamkazi wa Standard 6 anakana kukagona mpaka cha m'ma 10.

Tsono vuto ndi kujambula. Ndikaika foni pa eyepiece chimangotuluka chinthu choyera mbee ngati babu, maenje osaoneka, ndipo ndikangogunda batani chilichonse chimanjenjemera. Ndikaika ka 4mm ndi Barlow uja ndiye mdima wokhawokha, mwezi osaupeza nkomwe, pamene pakatoni analemba kuti imakulitsa ka 525. Chomwe ndikufunitsitsa ndi zithunzi za Mlalang'amba ngati zomwe ndimaziona pa Facebook, komanso Saturn ndi mphete zake, mwanayu akufuna akaonetse aphunzitsi ake. Foni yanga ili ndi Pro mode, ndipo achemwali anga ali ndi Canon yakale ya lens ya 18-55mm yomwe amajambulira maukwati, atha kundibwereka mkati mwa sabata. Kodi telesikopuyi ndi yabodza kapena ndine amene sindikudziwa? Ndigule chani? Chonde amene munayamba kale mundithandize.

Mphunzitsi_wa_Fizikisi (Zomba)

Achimwene, choyamba musagule kanthu. Musaike ngakhale 1 tambala pa chinthu chatsopano mpaka mutatha miyezi iwiri kapena itatu ndi zomwe muli nazozo. Telesikopu yanuyo si yabodza ayi, yanga yoyamba inali yofanana ndi imeneyo ndipo ndinajambula nayo mwezi zaka ziwiri, chabodza ndi nambala ya pakatoniyo basi. Masamu ake ndi osavuta: mumatenga 700 ija nkugawa ndi nambala ya pa eyepiece. 700 kugawa ndi 20 ndi 35, ndiye pamene ana amaona maenje paja munali pa 35x. 700 kugawa ndi 4 ndi 175, mukaikanso Barlow kuchulukitsa katatu ndi pomwe pakuchokera 525 ija. Koma galasi la 70mm limathera cha m'ma 140x, ndiye kuti kukula kwa galasi kuchulukitsa kawiri, kupitirira pamenepo mukungokulitsa chimbuuzi ndi mdima. Ka 4mm kaja ndi Barlow zibwezereni mukatoni kaye.

Za mwezi woyera mbee uja, foni ikuona thambo lakuda mbali zonse ndiye ikuganiza kuti kuli mdima, imatsegula kwambiri mpaka mwezi kupserera. Mwezi ndi thanthwe lomwe likuwombedwa ndi dzuwa, muziujambula ngati chinthu cha masana. Lowani mu Pro mode, ISO (yomwe imaonjezera kuwala kwa chithunzi) ikani pansi penipeni, 50 kapena 100, shutter (nthawi yomwe kamera imakhala yotsegula) yambani ndi 1/125 ya sekondi kenako yesani 1/250, muziona pomwe maenje akuonekera bwino. Fokasi ya foni muitseke pa manual, muzifokasa ndi kagudumu ka telesikopu. Ndipo musagunde batani ndi chala, ikani timer ya masekondi 5 kapena lumikizani ma earphone a waya muzidina batani la voliyumu, mafoni ambiri amalola zimenezo.

Kugwira foni pamanja ndi komwe kumagwetsa anthu ulesi. Pali timaadaputa togwirira foni pa eyepiece, mlamu wanu akamabweranso mumutume kameneko, ndi kokhako komwe ndingati mugule. Podikira ine ndinatenga chivundikiro cha botolo chomwe chimakwana pa eyepiece, ndinachiboola pakati nkuchimata ndi glue pa kava yakale ya foni molunjika ndi kamera, chinagwira ntchito bwinobwino. Kunjenjemera kwa miyendo, musaitambasule yonse mpaka mmwamba, ikhale yofupika inu mukhale pampando, kenako mumangirire chigubu cha malita 5 cha madzi pakati pa miyendoyo chizilendewera. Mudzaona kusintha tsiku lomwelo.

China chomwe anthu ambiri sadziwa, mwezi wathunthu ndi woipa kujambula. Dzuwa limakhala likuuwomba chamaso ndiye palibe mithunzi, umaoneka fulati. Dikirani ukakhala theka, patatha pafupifupi sabata mwezi utaoneka, nkuloza pa mzere umene kuwala kukukumana ndi mdima, pamenepo ndi pomwe mapiri amagwetsa mithunzi italiitali. Patapita masiku awiri kapena atatu kuchokera pa theka mudzaona dzenje lalikulu la Copernicus, ndi lina la Clavius lomwe lili ndi timaenje tina mkati mwake. Ine mpaka lero Clavius sindimatopa naye.

Chinsinsi chenicheni ndi ichi: musajambule chithunzi chimodzi, jambulani vidiyo. Mpweya wa mlengalenga umagwedezeka ngati mmene msewu wa tala umaonekera mu Okutobala masana, ndiye pa vidiyo ya masekondi 30 mafelemu ena amakhala akuthwa ena owonongeka. Pa laputopu ikani PIPP, AutoStakkert ndi RegiStax, zonse ndi zaulere. PIPP imaika mwezi pakati pa felemu iliyonse, AutoStakkert imasankha mafelemu abwino nkuwasanjikiza kukhala chithunzi chimodzi, RegiStax ndi yonolera. Tsiku loyamba kuchita zimenezi ndinakhala chete kwa kanthawi ndikuyang'ana sikilini, sindinkayembekeza kuti zingatuluke pa foni yanga. Dziwaninso kuti mwezi uzithawa mu eyepiece chifukwa dziko likuzungulira madigiri 15 pa ola, mwezi umasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake pa mphindi ziwiri zokha, ndiye muziuika kumphepete nkuusiya udutse wokha mukujambula, osagwira chilichonse.

Saturn mudzamuona ndi mphete zake koma kadzakhala kakang'ono ngati njere ya mpunga, musakhumudwe. Mu Malichi 2025 mphetezo zinali chammbali kwa ife moti zinali ngati zasowa, pano zikutsegukanso pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Jupiter ndiye wosavutirapo, mudzaona timiyezi take tinayi, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, tomwe Galileo anationa mu 1610 ndi telesikopu yochepa mphamvu kuposa yanuyo, mwana wanu mumuuze zimenezo. Ikani pulogalamu ya Stellarium pa foni izikuuzani pomwe ali usiku umenewo.

NaPhiri_waku_Dedza

Aphunzitsi anena zoona zonse za mwezi koma ine ndiyankhe za Mlalang'amba, poti ndi zomwe bambo a Tadala akuti akufunitsitsa. Bambo, Mlalang'amba sajambula ndi telesikopu. Ndikudziwa zikumveka zodabwitsa koma zithunzi mumaziona pa Facebook zija zambiri ndi kamera ndi lens wamba basi, telesikopu imaona kachigawo kakang'ono kwambiri ka thambo pamene Mlalang'amba wayala kuchokera mbali ina mpaka ina. Ndiye Canon ya achemwali anuyo ndi chuma, apempheni mwaulemu.

Ine ndimachita chonchi. Lens pa 18mm, aperture (kabowo kolowera kuwala) kutsegula mpaka pothera, pa lens imeneyo ndi f/3.5, ISO 1600 kapena 3200, kujambula mu RAW (fayilo yosunga zonse zomwe kamera yaona) osati JPEG yokha. Autofocus zimitsani, stabilizer zimitsaninso, tsegulani live view nkuloza nyenyezi yowala kwambiri, zoom ka 10 pa sikilini nkumapotoza mpaka nyenyeziyo ikhale kadontho kakang'onong'ono, mukatero matani tepi pa lens isasunthenso. Shutter pali lamulo lomwe amati la 500, mumagawa 500 ndi focal length (nambala ya mm ya pa lens ija), koma pa ma Canon ang'onoang'onowa muyambe mwachulukitsa 18 ndi 1.6, zimabwera pa masekondi 17 penapake, ine ndimaika 13 kapena 15 chifukwa kupitirira apo nyenyezi zimayamba kukhala timizere. Jambulani zithunzi 30 kapena 40 motsatizana osasuntha kamera, pomaliza vindikirani lens nkujambula zina 15 za mdima wokhawokha ndi ma setting omwewo, amati ma dark, zimathandiza kuchotsa timadontho tonyansa ta sensa. Zonsezo muziponye mu pulogalamu ya Sequator kuti izisanjikize kukhala chithunzi chimodzi, ndi yaulere komanso yosavuta kwa woyamba, zina za ntchito yomweyi monga DeepSkyStacker ndi Siril mudzaziphunzira bwino lino.

Ndipo ndikuuzeni, ife kuno tili ndi mwayi omwe anzathu aku Ulaya amalipira ndege kuti akaupeze. Pakati penipeni pa Mlalang'amba, pomwe pali powala kwambiri cha ku magulu a nyenyezi a Sagittarius ndi Scorpius, kwa iwo pamakhala pansi kufupi ndi mitengo, kwa ife mu Juni, Julaye ndi Ogasiti pamadutsa pafupifupi paliwombo, nthawi yomwenso mvula kulibe. Kumwera kuli nyenyezi zooneka ngati mtanda zotchedwa Southern Cross, pambali pake kachigamba kakuda bii kotchedwa Coalsack, kuli nyenyezi ya Eta Carinae, kuli Omega Centauri yomwe ndi maso imaoneka ngati nyenyezi yofufuma koma ndi chimulu cha nyenyezi mamiliyoni. Chakumapeto kwa chaka kumwera komweko madzulo kumaoneka timitambo tiwiri tomwe sitichoka ngakhale kuombe mphepo, Magellanic Clouds, kakakuluko kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 160,000 kuti kufike pa kamera yanu. Ine ndili mwana kumudzi ndinkationa ndikumayesa mitambo wamba, agogo ankangotisonyeza Nthanda m'bandakucha popita kumunda.

Koma nthawi yake ndi Juni mpaka Ogasiti, musachedwe. Kukafika Seputembala ndi Okutobala anthu ayamba kutentha tchire, utsi ndi fumbi zimadzaza thambo moti nyenyezi za m'munsi zimazimiririka, kenako mvula. Sankhani masiku omwe mwezi uli kumdima. Mdani wina kuno ku Dedza ndi mame, kuzizira kwa Juni kuja lens imachita nkhungu pasanathe ola, poyamba ndinkadabwa kuti zithunzi 10 zoyamba zili bwino zotsatira zonse mbuu. Pano ndimakulunga katoni yakuda kutsogolo kwa lens ngati chipewa, yosatalika kwambiri kuti isaoneke m'makona, ndipo batire ya spare ndimaisunga mthumba la jekete chifukwa kuzizira kumaimaliza msanga.

Ku Area 25 kuwala kwa tauni kukuvutani, makamaka poti mukayang'ana kumwera ndi komwe kuli City Centre ndi Old Town. Magetsi akazima dera lonse thamangirani panja, thambo limasintha zedi. Apo ayi pitani kumudzi kumapeto kwa sabata.

Mphunzitsi_wa_Fizikisi (Zomba)

Asisi a NaPhiri mwafotokoza bwino, ndingotsutsa pang'ono pa ISO 3200, pa makamera akale aja ine ndimaona kuti imabweretsa mchenga wambiri, ndimaima pa 1600 nkuwonjezera chiwerengero cha zithunzi. Komanso zoti Juni ndi Julaye kulibe mitambo ndi za kwanu kumeneko, kuno ku Zomba ndi ku Blantyre, Thyolo, Mulanje chiperoni chikabwera timatha masiku atatu anayi osaona nyenyezi ngakhale imodzi.

Ndinaiwala chinthu chimodzi achimwene, musaloze telesikopu modutsa pamwamba pa denga la malata madzulo. Malata amakhala atamwa dzuwa tsiku lonse ndiye usiku amatulutsa kutentha, mpweya pamwamba pake umawira ndipo mwezi umaoneka ngati uli m'madzi. Imikani pa kapinga kapena padothi, osati pa simenti, ndipo telesikopu muitulutse panja mphindi 20 musanayambe kuti izolowere kuzizira.

Mkalipentala_wa_Chipata

Muli bwanji a ku Malawi, ine ndine wa ku Chipata kuno, ntchito yanga ndi ya matabwa koma za kumwambazi zinandigwira kuyambira pa 21 Juni 2001 pamene kadamsana wa dzuwa anadutsa ku Lusaka, ndinali komweko nthawi imeneyo ndikuphunzira ntchito, kunada masana dzuwa likanali mmwamba ndipo kunazizira mwadzidzidzi, sindidzaiwala.

Chifukwa cha zimenezo ndiyambe ndi chenjezo poti mwati pakhomo pamadzaza ana. Telesikopu isaloze ku dzuwa, ngakhale kwa sekondi imodzi, diso limapsa osamva kuwawa ndipo silichira. Ngati mukatoni muli kagalasi kakuda kolembedwa Sun komangirira pa eyepiece kaphwanyeni nkukataya kuchimbudzi, timeneto timasweka ndi kutentha munthu ali mkati moyang'ana. Sefa yeniyeni ya dzuwa imavala kutsogolo kwa telesikopu. Masana muziitsekera mnyumba pomwe ana sangafike.

Tsopano za kamera. Amayi a NaPhiri akuti masekondi 15 ndi malire, ndi zoona ngati kamera yangoima. Makina otsata nyenyezi ndi odula, koma pali kachipangizo ka matabwa komwe amati barn door tracker, ine ndinapanga ndekha ndi zotsala za mu shopu. Matabwa awiri ang'onoang'ono olumikiza ndi hinji yolimba yosagwedera, la pansi limamangidwa pa tripod, la pamwamba limanyamula kamera. Pa thabwa la pansi mumaboola nkuika nati, nkulowetsamo bawuti ya M6 yomwe imakankha thabwa la pamwamba. Bawuti ya M6 ikazungulira kamodzi imayenda 1mm, ndiye mukaiika pa mtunda wa 228mm ndi theka kuchokera pakati pa hinji, nkumaizunguza kamodzi pa mphindi iliyonse motsatira muvi wa masekondi wa wotchi, thabwa limatseguka pa liwiro lomwe thambo likuyendera. Muyeso umenewo muuyeze bwino ndi rula yachitsulo, pamenepo ndi pomwe pagona nkhani yonse.

Chovuta ndi kuloza hinji. Iyenera kuyang'ana pa nsonga ya kumwera yomwe thambo lonse limazungulirapo. Anzathu a kumpoto kwa dziko ali ndi nyenyezi yowala ya Polaris yowasonyeza nsonga yawo, ife tili ndi Sigma Octantis yomwe ndi yofooka moti mtauni simungaione. Ndiye ndimatenga Southern Cross, mzere wake wautali uja kuchokera kumutu kupita kuphazi, nkuupitiriza kanayi ndi theka, pamenepo ndi pomwe pali nsongayo. Kutalika kwake kuchokera pansi kumafanana ndi latitude ya malo anu (madigiri a kutalikirana kwa malowo ndi equator), ku Lilongwe ndi pafupifupi madigiri 14, chimodzimodzi ndi kuno ku Chipata, mukatambasula mkono ndi ngati chibakera chimodzi ndi theka pamwamba pa pomwe thambo lakumana ndi dziko. Ine ndinasema kamtengo kopendekera madigiri 14 nkukaika pansi pa matabwa kuti ndisamavutike tsiku lililonse. Mukamaonera mavidiyo opangira chinthuchi samalani, ambiri ndi a ku America ndi ku Ulaya, kwa ife hinji imakhala mbali yosiyana ndi yawo, mukaona nyenyezi zikutalika kuposa kale dziwani kuti mwatembenuza. Ndi lens ya 18mm ndimafika mphindi imodzi kapena ziwiri nyenyezi zili madontho, ndipo mitambo yakuda ya fumbi ya mkati mwa Mlalang'amba imatuluka bwino kwambiri.

Koma ndigwirizane ndi aphunzitsi, yambani ndi mwezi, kenako kamera yoima, matabwawa abwere pambuyo.

NaPhiri_waku_Dedza

Zikomo akalipentala, miyeso ija ndaikopera, ndikapereka kwa wamatabwa wa kuno. Ndionjezere kamodzi kofunika poti ndawauza bambowa kuti apite kumudzi. Musangofika usiku nkuima pamunda ndi zitsulo za miyendo itatu ndi katochi kofiira, anthu amachita mantha ndipo tonse tikukumbuka zomwe zinachitika mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo ndi mphekesera za anamapopa, anthu osalakwa anataya miyoyo. Fikani kukadali kowala, kaonekereni kwa amfumu, afotokozereni, aitaneni iwo ndi a community policing adzaone mwezi kapena Saturn ndi maso awo. Ine kwathu ndinatero ndipo pano amfumu ndi amene amandifunsa kuti mubwera liti ndi chija. Ngakhale mtauni alonda ndi maneba adziwe.

Katochi kofiira ndikunenako ndi tochi wamba yomwe mwakuta ndi pepala lofiira la pulasitiki, maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima ndipo kuwala koyera kumafufuta zonsezo kamodzinkamodzi, sikilini ya foni nayonso muichepetse.

Bambo_a_Tadala (Area 25, Lilongwe)

Abale ndabweranso, pepani ndinakhala chete masiku angapo ndimadikira mwezi ufike pa theka monga ananenera aphunzitsi. Dzulo ndinachita zonse, chigubu cha madzi pakati pa miyendo, chivundikiro cha botolo pa kava ya foni, ndinachoka pafupi ndi malata a kitchini nkukaima pakati pa bwalo. ISO 50, shutter 1/125 inali bwino kuposa 1/250 pa foni yangayi. Ndinajambula mavidiyo 6 a masekondi 30, awiri anawonongeka chifukwa galu anagunda mwendo wa tripod, mwa otsalawo AutoStakkert inandivuta kaye mpaka ndinazindikira kuti vidiyo ya foni iyenera kudutsa mu PIPP kuti isanduke fayilo ya mtundu wa AVI. Chithunzi chatuluka, maenje akuoneka ndi mithunzi yake, ngakhale mbali imodzi kuli kamzere ka buluu kumphepete kwa mwezi ndipo ndikuona ngati mu RegiStax ndinanola mopitirira chifukwa pena pakuoneka ngati mchenga. Tadala wachitenga pa foni ya mayi ake kuti akaonetse kusukulu mawa, ndipo wawerenga yekha maenje 23.

Kagalasi kolembedwa Sun kanalimodi mukatoni akalipentala, ndakataya. Canon achemwali avomera kundibwereka sabata yomwe mwezi udzakhale kumdima, tikupita kumudzi ku Ntchisi, ndawaimbira kale amalume kuti akawauze amfumu. Funso langa lina, kamzere ka buluu kaja ndi vuto la foni kapena la telesikopu, ndipo kamachotsedwa bwanji?

Mphunzitsi_wa_Fizikisi (Zomba)

Mwagwira ntchito achimwene, Tadala mumuyamikire. Kamzere ka buluu ndi ka telesikopu, magalasi a mtundu umenewo safokasa mitundu yonse ya kuwala pamalo amodzi ndiye buluu amatayikira kumphepete, si kuti yawonongeka. Mwezi ulibe mitundu yambiri, ingochisandutsani chithunzicho kukhala black and white mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP kamzereko kasowa. Ma slider onolera a mu RegiStax bwezani pafupifupi theka la pomwe munafika, muyambe ndi awiri oyambirira okha. Mawa kapena mkuja Copernicus akhala atatulukira pa mzere wa mdima, mujambulenso mutionetse, ndipo ku Ntchisi mutenge majekete awiri ndi memory card yopanda kanthu.